A MALILIME AKUYANKHA: ZIMENE NDINAKAPHUNZIRA NDI NDALAMA ZA USIPA

Tsiku limene ndinabwera ndi kalata yondiitana ku maphunziro a digiri yachiwiri, ija amati Masitazi, amayi anga anali pabenchi lawo mumsika wa Limbe akuunjika usipa. Sanadzuke n'komwe. Anangopukuta manja pachitenje, kulandira kalatayo, kuitembenuza uku ndi uku ngati ndalama yokayikitsa, kenaka n'kundibwezera.

"Tawerenga wekha. Akuti ukaphunzira chiyani?"

"Applied Linguistics, Amayi. Za ziyankhulo."

"Ziyankhulo? Zomwe timayankhula ulerezi? Ndiye ine ndigwetse mpamba wanga kuti iwe ukaphunzire kuyankhula? Kodi sunayambe kuyankhula uli kumbuyo kwanga kuno?"

Mayi wa tomato wa benchi loyandikana nalo sanadikire kuitanidwa. "Musiyeni mwana akaphunzire malilime, asisi. Mwina adzatsegula tchalitchi, ndalama zili kumeneko masiku ano!" Mzere wonse wa nsomba unafa nalo phwete, ndipo kuchokera tsiku limenelo dzina langa mumsikamo linasanduka a Malilime.

Lero ndati ndiyankhe funso la amayi lija poyera, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mukuwerenga nyuzi ino muli ndi ana kusukulu za ukachenjede, ndipo fizi yawo ikuchokera m'belo la kaunjika, m'dengu la mandasi ndi m'chipereganyu. Tsiku lina mwana adzabwera ndi kalata ngati yangayi. Musanamuseke kapena kumukaniza, tamvani kaye zimene zimachitika kumeneko.

EYA WA AMALUME

Chimene chinandituma kusukuluyi si mabuku ayi, koma mlandu wa amalume anga. Iwo ankagulitsa zipangizo za njinga. Tsiku lina anagula njinga yakale kwa mnyamata wina kuti aiphwasule, osadziwa kuti inali yakuba. Apolisi anawanjata, nagona m'chitokosi, mpaka tsiku la khoti linakwana. Ine panthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa kusekondale ina, ndipo ndinapempha tchuthi kuti ndikamvere nawo.

Monga mudziwa, m'makhoti athu nkhani imayenda m'Chingerezi. Woweruza ndi Mmalawi, wapolisi woimira boma ndi Mmalawi, woimbidwa mlandu ndi Mmalawi, koma pakati pawo pamaima womasulira. Funso linabwera m'Chingerezi, womasulira nalitembenuza: "Inu bambo, simunadziwe kuti njingayi ndi yakuba?"

Amalume anati: "Eya."

Womasulira anati: "Yes."

Abale anzanga, ine thukuta linangoti kamu. Kwa ife Achewa, munthu akakufunsa kuti "simunadye?" iwe n'kuyankha kuti "eya", ndiye kuti wavomereza kuti sunadye. Mzungu sayankha choncho. Iye akafuna kunena kuti sanadye amati "no". Ndiye eya wa amalume, amene ankatanthauza kuti "zoona, sindinadziwe", atawoloka kupita m'Chingerezi anamveka ngati akuti "ndinkadziwa". Munthu anali pafupi kuvomera mlandu umene amaukana.

Mwayi wake woweruzayo anali tcheru. Anadzutsa mutu, nalamula kuti funsolo libwerezedwe mwa njira ina, ndipo amalume anafotokoza bwinobwino. Patapita masabata angapo mlandu unatha. Koma ine ndinatuluka m'khotimo ndi funso limene linandisowetsa tulo. Zimene zimalembedwa m'failo ya mlandu ndi Chingerezi. Mawu enieni amene munthu wayankhula ndi pakamwa pake amauluka ndi mphepo. Akadapanda kudzutsa mutu woweruza uja, jaji wa apilo akadawerenga "yes" basi, osadziwa kuti panali eya. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aweruzidwe m'chiyankhulo chimene akumva, apo ayi boma limupezere womasulira. Nanga womasulirayo anamuphunzitsa ndani kuti eya ali ndi nkhope ziwiri? Ndi angati ali ku ndende lero chifukwa cha liwu limodzi?

KODI APPLIED LINGUISTICS N'CHIYANI?

Alipo akatswiri amene amasanthula chiyankhulo monga mmene makaniko amaphwasulira injini kuti aone mmene inapangidwira. Amalawi otere tili nawo otchuka kunja konse. Pulofesa Sam Mchombo anatulutsa buku la kapangidwe ka ziganizo za Chichewa mu 2004, ndipo Pulofesa Al Mtenje pamodzi ndi Laura Downing anatulutsa la kamvekedwe ka mawu a Chichewa mu 2017. Ngakhale Kamuzu Banda, ali mwana wasukulu ku Chicago, ndiye anali kuuza Mark Hanna Watkins mawu a Chichewa, ndipo buku la galamala limene linatuluka pamenepo ndi la 1937.

Ife a Applied Linguistics timatenga nzeru zoterozo n'kupita nazo pamene chiyankhulo chikupweteketsa anthu: m'kalasi, m'khoti, m'chipatala, pa fomu ya ngongole, pa pepala la mankhwala. Maphunzirowa anakula kwambiri ku America ndi ku Britain nkhondo yachiwiri itatha, ndipo yunivesite ya Edinburgh ku Scotland inatsegula sukulu yake ya zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Poyamba nkhani yaikulu inali ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a maiko ena, koma lero yafalikira ponseponse pamene anthu akulephera kumvana.

Kuti akutenge uyenera kukhala ndi digiri yoyamba yokhoza bwino, makamaka ya ziyankhulo kapena ya uphunzitsi. Kumene ndinaphunzira ine zinali zaka ziwiri: chaka choyamba m'kalasi, chachiwiri kafukufuku. Ku Britain Masitazi yambiri imatha chaka chimodzi, ndipo kuli thandizo la Commonwealth ndi la Chevening limene Amalawi amapikisanirana, ngakhale kuti opempha ndi khwimbi pomwe malo ndi owerengeka. Mayunivesite ambiri kumeneko amafunanso kuti ulembe kaye mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, olipira ndalama zambiri ndithu, ngakhale unaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Ndipo mukudziwa amene amakonza mayeso amenewo? Anthu omwewa a malilime.

MTENGO NDI MTENGO

Sabata yoyamba m'kalasi mphunzitsi analemba pabolodi mawu awiri ofanana: mtengo, mtengo. Anatiuza kuti tiwawerenge. Tonse tinangoti kakasi. Kenaka anati wina ndi wa mango, wina ndi wa pamsika. Tayesani nokha kutchula, mumva kuti pa mtengo wa mango liwu limakwera pakati, pomwe pa mtengo wa malonda limangoyenda pansi. Chichewa ndi chiyankhulo cha kukweza ndi kutsitsa mawu, koma polemba sitionetsa. Ndinakula ndikumva amayi akuti "mtengo wakwera" tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti lilime lawo likutsata lamulo limene aphunzitsi anga amalilembera mabuku.

Tinaphunziranso chifukwa chimene mwana wa Mmalawi amati "borrow me your pen". Aphunzitsi ambiri, ine ndemwe kale, timangothira cholembera chofiira n'kumutcha mbuli. Koma taganizani: m'Chichewa timati "ndabwereka ndalama" komanso "ndibwereke ndalama", liwu limodzi mbali zonse ziwiri, pomwe Chingerezi chili ndi mawu awiri osiyana. Chimodzimodzi "he" ndi "she", ife tili ndi iye mmodzi yekha. Katswiri wina wa ku Edinburgh, Pit Corder, analemba mu 1967 kuti zolakwa za wophunzira ndi umboni woti mutu wake ukugwira ntchito, akumanga malamulo ake, ndipo mphunzitsi wanzeru amaziwerenga kuti adziwe pamene mwana wafika. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira ana onse amene ndinawalalatira, ndipo manyazi anandigwira.

Panalinso maphunziro a kakonzedwe ka mayeso, kamasuliridwe, kalembedwe ka mtanthauziramawu, ndi njira zochitira kafukufuku, kuphatikizapo masamu amene ndinkaganiza kuti ndinawathawa kalekale. Musanamizidwe kuti ndi sukulu yofewa. Unkapatsidwa milu ya zowerenga sabata iliyonse, magetsi n'kuzima, bandulo ya intaneti n'kutha uli pakati pa ntchito.

NKHONDO YA M'KALASI

Phunziro limene linatiyambanitsa kwambiri ndi la ndondomeko ya ziyankhulo, chifukwa m'menemo ndi mmene muli ndale. Akuluakulu mukukumbuka: mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Kongeresi unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Mu 1972 kunabwera bungwe la Chichewa Board. Matipate atalowa mu 1994 Chitumbuka chinabwerera pa MBC, ziyankhulo zina monga Chiyao, Chilomwe ndi Chisena n'kutsatira pambuyo. Mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board munabwera Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. M'chaka chomwecho cha 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera zimenezo sanapezeke. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linati chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire ku Sitandade 1.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu munaombera m'manja. Amayi anganso anatero. Mumati: "Mabwana ana awo amawatumiza kusukulu zolipira kukaphunzira Chizungu, ndiye athu okha azikakamira Chichewa kuti adzakhale mavenda ngati ife?" Funso limeneli si lopusa. Gawo 51 la malamulo a dziko lino limati phungu wa Nyumba ya Malamulo ayenera kudziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ukalephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 satifiketi sumaiona. Ndani angadzudzule kholo lofunira mwana wake kiyi wa chitseko chimenecho?

Koma tamvani zimene kafukufuku anapeza. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'sukulu za pulayimale ku Malawi ndi ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a kuno ankaphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba, pomwe a ku Zambia ankayamba ndi Chingerezi kuchokera tsiku loyamba. Pofika chaka chachisanu, pa kuwerenga Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiriwo. Koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo, ana a ku Malawi anawasiya kutali anzawo a ku Zambia. Kunena kwina, zaka zinayi za Chingerezi chokhachokha sizinawagulire ana a ku Zambia Chingerezi choposa, zinangowalanda kuwerenga Chinyanja. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo amagwira msanga ngati mawu amene akuwerengawo akuwamva. Luso limenelo ndi limene amasamuka nalo kupita ku Chingerezi. Chodabwitsa n'choti mu 2014, pamene ife timathamangira ku Chingerezi, a Zambia anayamba kuphunzitsa makalasi oyambirira m'ziyankhulo zawo. Tinasemphana pamsewu ngati minibasi.

KUBWERERA KUMSIKA NDI KAWAILESI

Chaka chachiwiri chitakwana, supavaiza wanga anandifunsa kumene ndikachite kafukufuku. Ndinali nditawerenga ntchito ya malemu Pulofesa Gregory Kamwendo, amene pa digiri yake ya udokotala ku Helsinki mu 2004 anafufuza mmene madokotala ndi odwala amamvanirana pa chipatala chachikulu cha ku Mzuzu. Ndinati ngati iye anapita kuchipatala, ine ndipita kumsika umene unandilera.

Sizinali zophweka. Ndinayenera kupeza chilolezo kusukulu, kukagwada kwa atcheyamani a msika, ndi kufotokozera munthu aliyense kuti dzina lake silidzatuluka. Ena ankati ndatumidwa ndi a msonkho. Madala ena ogulitsa fodya wa phuno atangoona kojambulira mawu anatseka pakamwa, nati: "Mwana iwe, ife tinaona nthawi ya chipani chimodzi, anthu anasowa chifukwa cha tinthu ngati timeneti." Anandilola patapita masabata atatu, nditawathandiza kunyamula matumba.

Kujambula ndi kosavuta. Chowawa ndi kulemba liwu lililonse limene lajambulidwa, chifuwa ndi kuseka komwe. Ola limodzi la phokoso la mumsika linkanditengera tsiku lathunthu, mahedifoni ali kukhutu.

Koma mmene ndinkalemba ndi mmene maso anga anatsegukira. Amayi anga, amene sukulu analekezera Sitandade 4, m'mawa umodzi anayankhula ziyankhulo zinayi. Wopikulitsa nsomba wa ku Mangochi anamulonjera kuti "ajimwiche uli", ndipo mtengo wa dengu unatsika asanayambe n'komwe kunenerera. Mayi wina atangotchula liwu limodzi anamuzindikira kuti ndi wa kumpoto, pomutsazika n'kumuponyera "yewo chomene". Bambo wa tayi anasanduka bwana, mnyamata wa yunifolomu anasanduka achimwene, mtsikana woyembekezera anasanduka mwana wanga. Ndalama zonse ankawerenga m'Chingerezi, faifi handiredi, thu sauzande, monga timachitira tonse. Anzawo a kaunjika amene amakaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam amadziwa kufunsa "bei gani" ndi kukakamira "punguza" popanda kulowa m'kalasi ya Chiswahili. Anyamata a zitsulo ali ndi chinenero chawo chimene chimasintha mwezi ndi mwezi. M'mabuku zimenezi zili ndi maina akuluakulu, ndipo azungu amachitira misonkhano. Inu mumangoti kuitanira malonda.

MBONI YOSADZIWA KUTI NDI CHIKOLE

Chimene chinasandutsa kafukufuku wanga kukhala wowawa chinachokera m'nyumba mwathu momwe. Fizi ya chaka chachiwiri itavuta, amayi anakatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, osandiuza. Anatenga mnzawo wa tomato uja, yemwe uja wa tchalitchi, kuti akawasainire. Kalaliki anawauza kuti: "Apa asaine mboni." Mayiyo anadinda chala, n'kubwerera kubenchi lake mtima uli m'malo.

Nditaiona fomuyo ndinakhala pansi. Inali masamba anayi a Chingerezi cha maloya, chimene ngakhale ine wa digiri ndinachita kubwereza katatu. Pamene anadinda mayi uja panalembedwa kuti "guarantor". Abale, mboni ndi munthu amene waona ndi maso kuti wakutiwakuti watenga ndalama. Koma "guarantor" ndi munthu amene walonjeza kuti mwini ngongole akalephera, adzabweza ndi iyeyo, ngakhale kumulanda katundu. Mayi wa tomato anaika mpamba wake pachikole chifukwa cha sukulu yanga, iye akuyesa kuti wangochitira umboni.

Sindikunena kuti kalalikiyo anali wakuba. Mwina nayenso palibe anamuphunzitsa liwu loyenera, anangotola limene linali pafupi. Koma nditayamba kufunsa mumsikamo ndinapeza kuti nkhaniyi si ya amayi okha. Ena analandidwa mafiriji, ena makina osokera, pa ngongole za anzawo amene anathawa, ndipo onse ankanena mawu amodzimodzi: "Ine anandiuza kuti ndine mboni chabe." Mutu wa kafukufuku wanga unasintha pomwepo, n'kukhala wa mmene mafomu a ngongole amafotokozedwera kwa anthu a pamsika. Ndinajambula, ndi chilolezo, mmene masamba anayi amafupikitsidwira kukhala ziganizo ziwiri, ndi mmene chiwongoladzanja cha pamwezi chimatchulidwira mothamanga ngati kuti ndi cha ngongole yonse.

Ngongole ya amayi tinaibweza, ine ndikuphunzitsa ana a eni madzulo mpaka usiku. Mayi wa tomato sanalandidwe kanthu. Koma miyezi imeneyo sindinkatha kumuyang'ana kumaso.

CHOMWE CHIKUNDIWAWABE

Buku langa la kafukufuku ndinalilemba m'Chingerezi, chifukwa ndi mmene digiri imayendera. Ndinaliteteza pamaso pa akuluakulu ophunzira, m'Chingerezi. Lili pa shelefu, ndipo anthu amene mawu awo adzaza m'menemo sangaliwerenge. Ndinakhala zaka ziwiri ndikudzudzula anthu olemba mafomu m'chiyankhulo chimene eni ake samva, kenaka ine n'kuchita zomwezo. Nkhani mukuwerengayi ndi chiyambi chobweza ngongole imeneyo.

Nanga za ntchito? Ndisakunamizeni. Mwana wanu akaphunzira zimenezi sadzagula galimoto msanga ngati loya kapena dokotala. Ena amakaphunzitsa m'makoleji a aphunzitsi ndi m'mayunivesite, ena amalemba mabuku a sukulu ku Domasi, ena amakonza mayeso, ena amamasulira zikalata za mabungwe ndi mauthenga a zaumoyo, ndipo masiku ano kwabuka ntchito yophunzitsa makompyuta ndi mafoni kumva ziyankhulo zathu. Malo ndi ochepa, ndipo ine ndinabwerera kuchoko, kumasulira ndimachita kumbali. Mwana akabwera ndi kalata, mufunseni funso limodzi: vuto limene ukufuna kukathetsa ndi liti? Akakuyankhani zomveka, monga mmene eya wa amalume anandimvekera ine, muthandizeni. Akangoti anzanga onse akupanga Masitazi, sungani mpamba wanu.

Ndipo inu nonse, kaya mwana wanu ali kusukulu kaya ayi, gwirani izi. Musadinde chala pa pepala limene simunalimve. Akakuuzani kuti ndinu mboni, funsani kuti: mnzangayu akathawa, adzalipira ndani? Pemphani kope yanu mupite nayo kunyumba, wina akakuwerengereni modekha. Ku khoti musamayankhe eya kapena ayi yekha, nenani chiganizo chonse: sindinadziwe, sindinatenge. Safunsa anadya phula.

Tsiku limene ndinabwera ndi digiri, ndinakhala pathumba la makala kuseri kwa benchi n'kuwamasulira amayi mutu umodzi wa buku lija, muja ndinalemba za m'mawa wa ziyankhulo zinayi. Anamvetsera akuthamangitsa ntchentche pa usipa. Nditamaliza anakhala chete kanthawi, kenaka anaitana mnzawo wa tomato.

"Asisi, tabwerani mudzamve. Zaka ziwiri zonse zija, ngongole yonse ija, mwanayu amakaphunzira za ine." Anatembenukira kwa ine. "Ukadanena, iwe. Fizi ukadalipira pompano."

Masiku ano ndikalowa mumsika dzina lija likadalipo, koma limabwera ndi pepala m'manja: "A Malilime, tatiwerengereni ichi tisanasaine."